Mutu 6: Korora M'bwato la Mpikisano

1. Fungo m'bwato

Kwathu ku Waipuhi bwato la mpikisano lilipo limodzi lokha. Ndi lalitali, lowonda, lofiira, ndipo limakwera anthu asanu ndi mmodzi. Ana athu amalikonda kuposa sukulu, ndipo apa sindikuwanamizira.

Bwatoli lili ndi lamulo lake. Wokhala mpando wa kumbuyo, amene amawongolera, ndiye amalisamalira. Anzake akamathamangira kukasamba, iye amaonetsetsa kuti lakwezedwa pathandala, lafunditsidwa lona, ndipo zingwe zamangidwa. Palibe amam'kumbutsa, chifukwa ntchitoyo imabwera pamodzi ndi mpandowo.

Chilimwe chimenecho mpando wa kumbuyo mu timu ya atsikana unali wa Mereana, mwana wa zaka khumi ndi zisanu. Pamadzi anali katswiri, funde ankaliona lisanadzuke. Koma tsiku lina atachokera kopalasa, onse ali wefuwefu, iye anati, "Tingolisiya pa udzu pompano, tikweza mawa." Analigoneka cham'mbali pansi pa mtengo wa pohutukawa, lona ili chipindire pambali.

Mawa lakelo kunagwa maliro, ndipo kwathu kukagwa maliro nkhafi zimagona. Atsikana onse anali kukhitchini ya ku marae, bwalo lathu la misonkhano, kusenda mbatata ndi kutsuka mbale za alendo. Maliro atatha kunauka mphepo ya kummwera, nyanja n'kuwinduka masiku asanu. Bwato linakhala pa udzu paja masiku asanu ndi anayi.

Mphunzitsi wawo, Whaea Ripeka, analengeza kuti kupalasa kuyambiranso Lachitatu. Choncho Lachiwiri m'mawa Mereana analawirira kugombe kuti akalifunditse bwato mphunzitsiyo asanaone. Anatengana ndi msuweni wake Kahurangi, yemwe tonse timangomuti Kahu, wopalasa wa mpando wa kutsogolo.

"Hii! Chafera muno n'chiyani?" anatero Kahu atagwira mphuno. "Kapena unaiwalamo nsapato zako zija?"

"Nsapato zanga uzisiye. M'kamwa mwako m'mawa mumaposa pamenepa."

Anaseka, koma Mereana atawerama kuseka kunathera pomwepo. M'bwato monse munali tinthenga mbwee, ngati wina wang'ambiramo pilo. Anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika kunsonga ya kutsogolo, kumene bwato limapanikizika moti mkono sufikako. Timaso tiwiri totuwa tinamuyang'ana. Kenaka kunatuluka mawu aukali oti simungakhulupirire kuti akuchokera m'kanthu kochepa choncho.

Anali korora, kapengwini ka m'magombe mwathu muno. Korora msinkhu wake ndi wa msoti wa nkhuku. Sauluka, mapiko ake ndi opalasira m'madzi. Masiku onse amakhala wosalala bwino, msana wabuluu, chifuwa choyera mbee. Koma uyu anali wotupa, nthenga zili nyankhalala, zina zikulendewera m'khosi.

"Akudwala," anatero Mereana motsitsa mawu.

"Adwale, asadwale, wakwera bwato la eni," anayankha Kahu. "Ndipo Loweruka lili pakhomo."

2. Nzeru za Kahu

Loweruka limenelo kunali mpikisano waukulu wa chigawo chathu chonse, ulendo wa maola atatu pagalimoto. Timu yopambana ndiyo imakaimira chigawo. Atsikana athu anayamba kukonzekera m'nyengo yozizira, akumalowa m'madzi zala zili gwaa ndi chisanu. Kwa anayi mwa iwo, kuphatikizapo Kahu, chinali chaka chomaliza, poti chaka chinacho zaka zikanawapitirira. Kahu anachita kusiya mpira wamanja, womwe ankautha kwabasi, kuti alimbikire kupalasa.

Kahu anatola nkhafi n'kuilowetsa kunsonga kuja. Korora anaijompha mwamphamvu, n'kudzipanikiza m'kati kwambiri.

"Siya, Kahu! Umupweteka!"

"Ndiye umutulutsa ndi chiyani? Umuimbira nyimbo?" Kahu anaponya nkhafi pa udzu n'kuyang'ana uku ndi uku. "Tamvera, msuweni. A Koro Tamehana akangomva zimenezi, basi ndi rahui. Ukudziwa bwino."

Mereana ankadziwadi. Rahui ndi chiletso cha akuluakulu. Akazika mtengo pamalo n'kumangirirapo nsalu, malowo sakhudzidwa mpaka eniake atadzauzula. A Koro Tamehana ndiwo amayang'anira gombe lathu, ndipo pa nkhani ya akorora sanyengerera munthu, kaya akhale mdzukulu wawo.

"Nzeru ilipo," Kahu anapitiriza monong'ona. "Mawa tikalowa m'madzi, Whaea adzakhala ali kumtunda ndi wotchi yawo ija. Iwe udzangokuwa kuti tiyeserere kugubuduzika, monga timachitira nthawi zonse. Bwato lidzatembenuka, madzi adzalowa, bwanayu adzatuluka yekha. Ife tidzalitembenuzanso, tidzakapa madzi, nkhani yatha. Adziwe ndani?"

"Nanga akafa?"

"Afe ndi madzi? Korora? Iwe mutu ukuyenda bwinobwino? Ameneyu kwawo n'kumadzi komweko. Tikhala tamuperekeza kwawo ulele, atithokoze."

Kunena zoona nzeru ya Kahu inkamveka. Anthu ambiri, akuluakulu ndi ophunzira omwe, akanaganiza chimodzimodzi. Matimu onse amayeserera kugubuduzika kuti ngozi ikadzagwa asadzasowe chochita, ndiye palibe akanadabwa. Koma wolamula zimenezo ndi wa kumbuyo yekha. Mawuwo anayenera kutuluka pakamwa pa Mereana.

"Lumbira kuti suuza munthu," anatero Kahu.

"Ndiganize kaye."

"Uganize chiyani? Bwato unalisiya pansi ndiwe. Whaea akamva, mpando umenewo uuiwale. Ine ndikukubisira manyazi, iwe ukuti uganize kaye?"

Mereana anazimitsa tochi, n'kusasa m'manja, ndipo awiriwo anabwerera kumudzi aliyense akuyang'ana kwake.

3. Funso la kusukulu

Masana Mereana anatulukira ku marae. Ine ndinali komweko ndi amayi anzanga, tikuyanika nsalu za patebulo zomwe zinagwira ntchito pamaliro. A Koro Tamehana anali pa makina awo otchetchera udzu, atavala kabudula ndi majombo, chipewa chili pendeke. Mkuluyu anakhala msodzi zaka makumi anayi, ndipo mainjini a maboti anamugonthetsa makutu. Kachipangizo kothandiza kumva ali nako, koma amakasunga m'thumba kuti batire isathe.

Mwanayo anabwera ndi maganizo ofunsa mozungulira, mwakachetechete. Anaiwala kuti kwa a Koro kulibe zonong'ona.

"Koro, ndili ndi funso la kusukulu."

"Wati?"

"Funso la kusukulu!"

"Sukulu yake iti, e hine, mtsikana iwe? Si muli pa holide inu?"

Mereana anakuwa mpaka ife tinasuzumira kuseri kwa nsalu. "Korora akamathothoka nthenga, ali wotupa, ndiye kuti akudwala? Munthu angamubwezere m'nyanja?"

A Koro anazimitsa makina. Anapisa m'thumba n'kuvala kachipangizo kaja, zomwe ife timangoziona pamaliro ndi pa milandu ya malo.

"Khala pansi apa," anatero. "Korora ameneyo sakudwala, akusintha malaya. Inu ana mukamuona kumtunda akuyenda dzandidzandi mumamuseka. Mukanamuona pansi pa madzi! Ine ndakumana naye ndili m'boti, kutali koti mapiri ano osaoneka. Kanthu kolemera ngati paketi ya shuga, koma kamalowa m'nyanja kusanache, kamasambira tsiku lonse, kumira, kuvuuka, kumira, kuvuuka, kuthamangitsa tinsomba. Dzuwa likalowa kamabwerera pagombe lomwe lija, ku una womwe uja, kwa mkazi yemwe uja. Mazira akaswa, mwamuna ndi mkazi amasinthana. Lero uyu kunyanja, uyu pa ana, mawa atembenuza. Amuna ambiri a m'mudzi muno sangafike pamenepo, ndipo akazi awo ali kuseri kwa nsaluko angandichitire umboni."

Ife tinabweza mitu msangamsanga, koma makutu tinawasiya komweko.

"Tsono chimamusunga m'madzi ozizirawa ndi nthenga zake. Ndi zothithikana, ndipo amazidzoza mafuta ake tsiku ndi tsiku, moti dontho silifika pakhungu. Koma malaya ovala chaka chonse amatha. Kamodzi pachaka, ana akakula, amadya kwambiri mpaka kunenepa. Kenaka amatuluka m'madzi n'kufuna malo a mdima, a phee. Amakhala mmenemo milungu iwiri, mwina itatu. Sadya, samwa, sasamba. Nthenga zakale zimathothoka, zatsopano zimamera ndi mafuta omwe anasunga m'thupi aja. Pomadzatuluka amakhala atatha pafupifupi theka. Iwe ungathe milungu iwiri osadya? Iwe amene umakwinya nkhope buledi wokazinga akachedwa?"

Mereana anapukusa mutu.

"Masiku amenewo amakhala ali maliseche, e hine. Ukamuika m'nyanja, madzi amalowa mpaka pakhungu. Amazizidwa, amalemera, amamira. Ukamudzidzimutsa pamene wabisala, amathawira kunyanja komweko, chifukwa kwina sakudziwako. Mphamvu zomwe ali nazo n'zongokwanira kumufikitsa tsiku lomaliza. Safuna mankhwala, safuna chakudya chako. Amangofuna kuti umusiye."

A Koro anapukuta manja pa kabudula.

"Sindikukuuza za m'buku ayi. Ndili ndi zaka zakozi ndinam'peza mmodzi kuseri kwa mulu wa nkhuni kwa bambo anga. Ndinamumvera chisoni, ndinati wasochera, akufa ndi ludzu. Ndinamukulunga m'juzi yanga, iye akundiluma, magazi ali chuchuchu, ine ndikuti pepa mnzanga, ndikukupititsa kwanu. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kumusiya. Anapalasa pang'ono, akutsika, akutsika, ngati sokosi yonyowa. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, ndikudziona munthu wabwino. M'mawa mwake mafunde anam'bweza pamchenga. Bambo anga sanandimenye. Anangondipatsa fosholo. Papita zaka makumi asanu ndi limodzi, koma m'manja muno ndimamumvabe mmene ankatenthera. Ndinamupha ine, ndipo ndinamupha ndikuganiza kuti ndikumuthandiza."

Anamuyang'ana mwanayo kwa kanthawi. "Funso lako la kusukulu layankhidwa?"

"Eya, Koro. Zikomo."

A Koro anavula kachipangizo kaja, n'kulizanso makina. Mereana anayenda mpaka pageti. Ukaima pageti lathu gombe limaoneka lonse, ndi bwato lofiira pansi pa mtengo paja. Anaima pamenepo nthawi yoti ife tinayanika nsalu zina zitatu. Kenaka anatembenuka, n'kuthamanga, n'kukaima kutsogolo kwa makina manja ali m'mwamba mpaka a Koro anaimitsa.

"Koro! Ali m'bwato! M'bwato lathu la mpikisano! Ndinalisiya pa udzu ndine!"

Apa panalibe yemwe sanamve. Kaya a Koro anali ataona kale tinthenga tomwe tinamatirira m'mawondo mwa mwanayo, sananene, ndipo mpaka lero ndikawafunsa amati sakumva.

4. Mtengo wa nsalu yofiira

Madzulo omwewo tinasonkhana kugombe: atsikana onse asanu ndi mmodzi, Whaea Ripeka, a Koro, ndi ife osafuna kuphonyedwa ndi nkhani. A Koro anatiuza kuti tiime patali. Anagona chafufumimba pa udzu, n'kusuzumira m'bwato ndi tochi yokulunga m'mpango. Podzuka mawondo awo analira.

"Zatsopano zayamba kumera kumsana," anatero. "Watsala ndi masiku khumi."

Atsikana anayang'anana. Loweruka linali patangotsala masiku anayi.

"Koro, sitingamutulutse mosamala n'kumuika m'bokosi?" anafunsa Whaea Ripeka.

"Mumufikira ndi chiyani, mwana wanga? Ndi ngowe? Ali kopanikiza uko. Mukamukoka muthyola phiko, ndipo korora wothyoka phiko ndi wakufa kale. Mukanyamula bwato mumugwedeza, atulukira pakati pa miyendo yanu, ulendo wa kunyanja. Ine ndakalamba, sindingakumbenso dzenje lina."

Whaea anali ataimba kale mafoni masana onse kufuna bwato lobwereka. Koma unali mlungu wa mpikisano, ndipo bwato lililonse m'chigawo chino linali ndi eniake. Anatembenukira kwa Mereana. Mayiyu akakwiya sakuwa, amatsitsa mawu, ndipo ana amaopa zimenezo kuposa kukalipa.

"Lamulo la mpando wako ndi lotani, Mereana?"

"Bwato pathandala, lona pamwamba, zingwe zimangidwe."

"Unachita?"

"Ayi, Whaea."

"Ukanachita, mbalameyi ikanakabisala m'zitsamba umo, ife Loweruka tikanapita. Ulesi wa mphindi khumi walanda anzako thukuta la chaka chonse. Zimenezo uzisenze, usayese kuzitula pa mbalame kapena pa mphepo. Malamulo ang'onoang'ono amene mumati ndi otopetsawa anaikidwa ndi anthu omwe anaona zinthu zikuonongeka. Koma ndinenanso china, onsewa akumva. Ukanatha kukhala chete, ine osadziwa kanthu. Sunatero. Mpando wa kumbuyo ndimaupereka kwa munthu woti akaona mwala anene kuti mwala, ngakhale anzake akufuna kuthamanga. Mpandowo ukadali wako."

Za nzeru ya Kahu ija Mereana sanatchule. Ife tinadzazimva patapita nthawi, kwa Kahu mwiniwake.

A Koro anazika mtengo mumchenga n'kumangirirapo nsalu yofiira. Amuna anavula zipewa, iwo n'kupemphera. Atatha anakweza mawu. "Kuyambira pa mtengo uwu kukafika pa thanthwe ilo, pasapondedwe. Bwato lisakhudzidwe. Agalu onse amangidwe, ndipo galu amene ndimupeze kuno, mwiniwake adzandidziwa bwino. Ndidzazula ndekha mwininyumba akatuluka."

Atsikana awiri anayamba kulira. Kahu sanalire. Anadutsa pafupi ndi Mereana, maso ali psuu.

"Zikomo kwambiri, mayi wa akorora," anatero. "Mwana wanuyo akadzakula adzakutumizireni khadi. Ine usandiyankhulenso."

5. Masiku awiri

Lachitatu ndi Lachinayi anali masiku owawa. Anzake anam'chotsa pa gulu lawo la pafoni. Akalowa m'golosale, iwo ankatuluka. Kahu, yemwe chibadwire amadya kwa Mereana ngati kwawo, ankadutsa pakhomopo nkhope ili kumbali.

Mereana sanadzitsekere m'nyumba. Ataona kuti masana dzuwa likumaomba pansonga ya bwato, anakapempha chilolezo kwa a Koro. Analowa yekha, wopanda nsapato, akuyenda monyang'ama, n'kumangirira lona ija m'nthambi kuti ichite mthunzi. Kenaka anakhala pafupi ndi mtengo wa nsalu yofiira tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo, kudikira alendo a holide omwe amabwera ndi agalu osamanga.

Bambo wina wa mumzinda anamuuza kuti galu wake ndi wofatsa, sanalumepo munthu.

"Munthu ayi, bambo," anayankha Mereana. "Koma amene ali umo si munthu, ndipo kuthawa sangathe. Chonde dzerani uko."

Bamboyo anang'ung'udza, koma anadzera komweko. Ine ndinkamuona mwanayu ndili pakhonde panga, ndipo ndisabise, ndinamugomera. Kulakwa analakwa, koma akulu ambiri amene ndikuwadziwa akalakwa amasowa m'mudzi mlungu wathunthu.

6. Obwera ndi mafunde

Lachisanu madzulo, nthawi yomwe akanakhala akumangirira bwato pa ngolo, Whaea Ripeka anaitanitsa timu yonse kugombe. Anabwera ndi nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala, n'kuwakhazika pa kamtunda kunja kwa malire a rahui. A Koro analipo, inenso ndinadziitana ndekha.

"Mwataya mpikisano chifukwa cha akorora," anatero Whaea. "Munabadwira pano, koma ndikudziwa kuti simunakhalepo pansi n'kuwaonetsetsa. Mafoni m'thumba, pakamwa potseka."

Atsikana asanu anakhala mbali imodzi, Mereana payekha. Dzuwa linali litangolowa, kunja kukuonekabe. Poyamba tinangomva timawu kunyanja, ngati tiagalu tikuuwa patali. Kenaka kuseri kwa mafunde kunaoneka kachigamba kakuda kakuyandikira. Anali akorora, atasonkhana kudikirana kuti atuluke pamodzi.

Funde linawakhuthula pamchenga onse nthawi imodzi. Anaimirira, zifuwa zili mbee, akuyang'ana uku ndi uku. Wina anachita mantha n'kubwerera m'madzi, onse n'kumutsatira. Funde lachiwiri linawabweretsanso. Apa mmodzi analimba mtima, anaweramitsa mutu, mapiko kumbuyo, n'kuuyamba ulendo wa kumtunda, anzake khumi ndi awiri ali pambuyo. Ena anali onenepa, oyembekezera kukabisala nawonso. Koma awiri anali atamaliza kale kusintha nthenga, ndipo misana yawo inkanyezimira buluu woti sindinamuonepo pa nsalu iliyonse.

Tinthu timeneti tinali titasambira tsiku lonse m'nyanja yomwe amuna athu amaiopa, ndipo tinali tisanathe. Anakwera miyala yotalika kuposa msinkhu wawo, kudumpha ndi miyendo yonse iwiri, kuterereka, kuyambiranso. Mmodzi anapunthwa pa chikuni n'kugwa chamutu. Anadzuka, anadzikung'untha, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Kahu analephera kupirira, phwete linamutuluka. "Uyo akuyenda ngati Mereana atavala gogoda pa ukwati uja," ananong'oneza mnzake, koma mokweza dala.

"Wagwa chamutuyo ndiwe," Mereana anayankha osatembenuka. "Ndakuzindikira pa mimba."

Atsikana onse anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Nthawi yomweyo m'bwato muja munatuluka kulira kwakukulu, kokoka, ngati kwa bulu wamng'ono. A kumiyala aja anayankha, gombe lonse n'kudzaza phokoso.

"Mwamumva?" anatero a Koro. "Ali moyo, ndipo akutukwana. Ameneyu afika."

Kahu anayang'ana bwato. Kenaka anadzikhwekhwereza pa udzu mpaka anafika pamene panali Mereana, n'kumukoleka mkono paphewa.

"Ndikanamumiza, eti?"

"Iwe unkati ukumuperekeza kwawo ulele."

"Khala chete. Sindinakukhululukire, ndangozizidwa."

Anzawo anayi aja anasendera nawonso, ndipo pepala la tchipisi linayamba kuyenda m'manja mwa onse asanu ndi mmodzi. Whaea anapumira m'mwamba. Ine mtima unakhala pansi, ndinati zatha bwino.

Tili chikhalire choncho, munthu wina anatsika kuchokera kumsewu. Galimoto anaisiya kumtunda atazimitsa nyali, monga munthu wodziwa za gombe. Anali Matua Eruera, mphunzitsi wa timu ya atsikana ya ku Onekura, tsidya lina la gombe lathu. Anagunditsana mphuno ndi a Koro monga timalonjerana kwathu, n'kupereka moni kwa tonse motsitsa mawu.

"Ndamva zomwe zakugwerani, Ripeka, pepani," anatero. "Inenso zandigwera. Wowongolera wanga wagwa pa hatchi masana ano, wathyoka mkono. Malamulo amalola kubwereka munthu mmodzi ku timu yomwe sikupikisana nawo. Mmodzi yekha. Ndabwera kudzapempha Mereana. Tinyamuka faifi koloko m'mawa, ndiye yankho ndilimve pompano."

Pepala la tchipisi linaima m'manja mwa amene linali. Whaea Ripeka anayang'ana pansi, kenaka anati, "Mwana ali apayo. Ayankhe yekha."

Mkono wa Kahu unachoka paphewa pang'onopang'ono. Mereana anayang'ana anzake mmodzimmodzi, koma onse anali akuyang'ana mchenga, kupatula Kahu.

"Ukuyang'ana ife bwanji?" anatero Kahu. "Bwato lathu waligoneka ndiwe. Woitanidwa ku bwato la eniake ndiwenso. Yankha, msuweni, tonse tikumve."